Cipale cidzagwa coculuka bwanji? Funso limene limavutitsa akatswiri a zanyengo

Miyezi ino ya Dezembro, Janeiro ndi Fevereiro, ife kuno tili kalikiliki ndi mvula ndi kupalira. Kumpoto kwa dziko lapansi, ku America, ku Canada ndi ku Ulaya, ino ndi nyengo ya kuzizira koopsa. Mukatsegula wailesi kapena kuonera nkhani zakunja pa wailesi yakanema, simucedwa kumva kuti namondwe wa cipale ali m'njira, akulunjika mzinda wakutiwakuti. Ndipo wowerenga nkhani amachula nambala. Amati kugwa cipale masentimita 20, kapena 40, mwina 60.

Nambala imeneyi anthu mamiliyoni amaidikira mtima uli m'mwamba. Ndi imene imapangitsa mkulu wa mzinda kutseka masukulu kapena kuwasiya otsegula. Makampani a ndege amaimitsa maulendo cifukwa ca iyo. Anthu amathamangira kumasitolo kukagula mkate ndi mkaka mpaka kutha psiti. Koma pa zinthu zonse zimene akatswiri a zanyengo amalosera, kuculuka kwa cipale ndi cimodzi mwa zimene amaphonya kawirikawiri. Sikuti ndi ulesi ai. Pali zifukwa zake, ndipo zifukwazo zikutikhudza ifenso amene timamvera macenjezo a mvula ndi a ciclone.

Ambiri a ife cipale sitinacionepo ndi maso. Pa Cipwitikizi amati neve. Pa Cinyanja timati cipale cofewa, ena amangoti cipale. Musacisokoneze ndi matalala. Matalala ndi olimba ngati miyala, amagwa ndi mvula ya mabingu n'kung'amba masamba a fodya ndi cimanga. Cipale n'cofewa, n'copepuka, cimatsika pang'onopang'ono ngati tinthenga toyera ta nkhuku. Cimapangika m'mitambo kukazizira kwambiri, cinyezi ca mumlengalenga cikaundana. Pansi pakakhala pozizira sicisungunuka msanga. Cimaunjikana pamsewu, padenga, pagalimoto. Rula imene ana amapita nayo kusukulu ndi ya masentimita 30. Cipale ca marula awiri cimamiza mawondo a munthu wamkulu. Ca marula atatu cimafika m'ciuno.

Usiku umene New York anatseka zonse

Kumapeto kwa Janeiro caka ca 2015, bungwe la boma la America loona zanyengo, National Weather Service, linacenjeza kuti namondwe wamkulu akubwera kumpoto cakum'mawa kwa dzikolo. Mumzinda wa New York, womwe uli ndi anthu opitirira 8 miliyoni, anati kukhoza kugwa cipale masentimita 60 mpaka 90. Mkulu wa mzindawo panthawiyo, Bill de Blasio, anauza anthu kuti akonzekere namondwe amene mwina akhala mmodzi mwa aakulu kwambiri m'mbiri ya mzindawo. Governador Andrew Cuomo analamula kuti pofika 11 koloko usiku wa pa 26 Janeiro, galimoto zisayende m'misewu. Anaimitsanso masitima oyenda pansi pa nthaka. Masitima amenewa anayamba kuyenda mu 1904, ndipo aka kanali koyamba kuwaimitsa cifukwa ca cipale.

Kutaca, anthu anasuzumira pawindo. Ku Central Park, paki yaikulu ya pakati pa mzinda pomwe amayezera, cipale cinali masentimita 25 okha. Sicinakwane n'komwe rula imodzi.

Anthu anakwiya. Ena ananyoza. Katswiri wina amene ankatsogolera ofesi ya zanyengo ya ku Mount Holly, m'cigawo coyandikana naco ca New Jersey, dzina lake Gary Szatkowski, anapepesa poyera pa Twitter. Anapepesa kwa atsogoleri ndi anthu wamba amene anapanga ziganizo zovuta podalira mawu a ofesi yake.

Koma kodi namondweyo sanabwere? Anabwera ndithu, ndipo ndi mphamvu zake zonse. Mumzinda wa Boston munagwa masentimita 62. Ku Worcester, kufupi ndi Boston, kunagwa masentimita 88. Ngakhale kum'mawa kwa cilumba ca Long Island, comwe cimayambira mumzinda wa New York momwemo, madera ena analandira masentimita opitirira 60. Cimene cinacitika n'cakuti namondwe anadutsa cakum'mawa pang'ono, makilomita ngati 100 kucokera pomwe ankamuyembekezera. Mtunda umenewu sukwana n'komwe ulendo wocokera mumzinda wa Tete kukafika ku Zóbuè. Kwa namondwe wotambalala makilomita opitirira 1000, uku n'kusuntha kocepa kwambiri. Koma kwa munthu wa ku New York amene anataya malipiro a tsiku lonse, kusunthako kunali kwakukulu.

Madzi ocepa, mulu waukulu

Vuto loyamba lili m'cipale mwenimwenimo. Cipale ndi madzi pang'ono ndi mpweya wambiri. Taganizirani thonje. Mukangolikolola n'kuliponya m'thumba, limadzaza msanga. Mukalitsindira ndi mwendo, thonje lomwelo limatsika kufika pakati pa thumba. Kulemera n'kumodzimodzi, koma kutalika kwa mulu kwasiyana.

Akatswiri ali ndi lamulo lakale lowerengera. Amati madzi a sentimita imodzi amapanga cipale ca masentimita 10. Koma lamuloli siligwira nchito nthawi zonse. Kukakhala kosazizira kwambiri, cipale cimakhala conyowa ndi colemera, ndipo sentimita imodzi ya madzi imangopereka masentimita 5 kapena 6. Kukazizira kwambiri, cimakhala couma ngati ufa, ndipo madzi omwewo akhoza kupereka masentimita 20 kapena kuposa. Cipale cofufuma kwambiri cimapangika mbali ya mtambo imene ili pa madigiri 12 mpaka 18 pansi pa 0. Mbali imeneyo ili kumwamba, makilomita angapo kucokera pansi, komwe palibe munthu amene waima ndi coyezera.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Katswiri akuyembekezera madzi okwana mamilimita 25. Ikanakhala mvula, n'kugwa mamilimita 15 kapena 35, palibe amene akanadandaula. Tonse tikanangoti kwagwa mvula yabwino. Koma pa cipale, mamilimita 15 ndi masentimita 15, pomwe mamilimita 35 ndi masentimita 35. Ndipo cikakhala couma, mamilimita 35 omwewo akhoza kufika masentimita 70. Mwaona? Kulakwitsa kwakung'ono kumene pa mvula sikuoneka, pa cipale kumakula maulendo 10 kapena 20, ndipo aliyense akhoza kutuluka panja ndi rula n'kukuona yekha.

Vuto lina ndi malire a pakati pa mvula ndi cipale. Madzi amaundana pa madigiri 0. Mizinda yambiri ikuluikulu ya kum'mawa kwa America, monga Washington, Philadelphia, New York ndi Boston, ili kufupi ndi nyanja ya Atlantic, ndipo m'nyengo yozizira madzi a m'nyanja amakhala ofundirako kuposa mtunda. Mphepo ikangopotoka pang'ono n'kubwera kucokera kunyanja, kutentha kumakwera digiri imodzi kapena awiri. Basi, cipale casanduka mvula. Mbali ina ya mzinda anthu akufosholo cipale, mbali ina akuyenda ndi maambulera. Nthawi zina mpweya wofunda umalowa pakati, pamwamba pali pozizira, pansinso pali pozizira. Cipale cimasungunuka cili m'njira, n'kudzaundananso cikakhudza msewu kapena waya wa magetsi. Pamenepo nambala ya masentimita imatsika, koma ngozi imakwera, cifukwa msewu umaterera ngati galasi ndipo mawaya amaduka ndi kulemera kwa madzi oundana.

Palinso cinthu cina cimene mlimi aliyense amacidziwa. Mvula imatha kugwa m'munda mwanu, m'munda mwa mnzanu tsidya la mtsinje muli gwa. Cipale naco cimatero. M'kati mwa namondwe mumakhala mizere yopapatiza momwe cimagwa mwamphamvu kwambiri, masentimita 5 kapena kuposa pa ola limodzi. Akatswiri amatha kudziwa kuti mzere wotere upangika. Koma kuti ukaima pamwamba pa tauni iti, zimenezo nthawi zambiri zimadziwika kutatsala maola ocepa.

Amalosera bwanji?

Mawu akuti kulosera asatisokoneze. Apa palibe kuombeza ula. Pali kuyeza ndi masamu.

Kawiri pa tsiku, m'malo mazanamazana padziko lonse, anchito a zanyengo amaulutsa zibaluni zikuluzikulu. Onse amaulutsa pa nthawi yofanana. Pa wochi yathu ya ku Moçambique, nthawiyo imagwera ca m'ma 2 koloko usiku ndi 2 koloko masana. Kunsi kwa cibaluni amamangirira kacipangizo kakang'ono koyeza kutentha, cinyezi ndi mphepo. Cibaluni cimakwera makilomita ngati 30 kenako n'kuphulika. Pa ulendo wonsewo kacipangizo kaja kamakhala kakutumiza manambala pansi. Manambala ena amacokera ku ndege, ku sitima zapamadzi, ku masatelayiti ozungulira dziko.

Zonsezi zimalowetsedwa m'makompyuta akuluakulu. Kompyuta imagawa mlengalenga m'timabokosi tambirimbiri, n'kuwerengera mmene mpweya wa m'kabokosi kalikonse usunthire pakapita mphindi zingapo, kenako ola, kenako tsiku, mpaka sabata ndi kupitirira. Makompyuta ochuka kwambiri pa nchitoyi ndi awiri. Ya ku America imachedwa GFS. Ya maiko a ku Ulaya ndi ya bungwe la ECMWF, lomwe likulu lake lili ku Reading, ku England. Pa namondwe wa 2015 uja, makompyutawa sanagwirizane. Ya ku Ulaya inkaonetsa cipale cambiri pa New York. Ya ku America inkakankhira namondwe kum'mawa. Akatswiri anadalira kwambiri ya ku Ulaya, poti mu 2012 ndi imene inaoneratu msanga njira ya namondwe Sandy. Ulendo uno inalondola ndi ya ku America.

N'cifukwa ciyani makina odula cotere amasemphana? Yankho linapezeka kalekale, mu 1961. Katswiri wina wa ku America, Edward Lorenz, ankabwereza masamu a zanyengo pa kompyuta yake. Pofuna kufupikitsa nchito, analemba nambala n'kusiya timanambala titatu ta kumapeto, poganiza kuti n'tating'ono kwambiri. Zotsatira zake zinayamba mofanana ndi zoyamba, koma patsogolo zinasiyana kotheratu. Apa anazindikira kuti pa zanyengo, kusiyana kocepa koyambirira kumakula tsiku ndi tsiku. Ndipo palibe amene angayeze mlengalenga monse osasiya mpata, makamaka pamwamba pa nyanja zikuluzikulu.

Ndiye masiku ano sawerengera kamodzi kokha. Bungwe la ECMWF limayendetsa masamu omwewo maulendo 51, ulendo uliwonse litasintha pang'ono manambala oyambira. Zili ngati kufunsa njira kwa anthu 51. Onse akaloza kumodzi, mumayenda mtima uli m'malo. Koma 30 akaloza kumanja, 21 kumanzere, ndiye kuti nkhani sinapse. Mfundo imeneyi akatswiri amakhala nayo pa tebulo pawo. Funso n'lakuti, kodi imafika kwa munthu wamba?

Mu 2015 sinafike bwino. Mkulu wa National Weather Service panthawiyo, Louis Uccellini, anavomera kuti bungwe lake liyenera kumafotokoza bwino kukayikira kumene kulipo. Akatswiri ankadziwa kuti New York ali m'mphepete mwa dera la cipale cambiri, ndipo kusuntha pang'ono kukanasintha zonse. Koma anthu anangomva nambala yaikulu ija, 60 mpaka 90. Ine ndimaona kuti colakwika cacikulu cinali pamenepo, osati pa masamu. M'zaka zotsatira, maofesi ambiri a bungweli anayamba kutulutsa manambala atatu: ocepetsetsa amene angagwe, amene akuyembekezeka kwambiri, ndi oculuka amene angagwe zinthu zikaipa. Nambala yacitatuyo imakhala ndi mwayi umodzi pa 10 woti ipitiriridwe. Izi n'zoona mtima kuposa nambala imodzi, ngakhale kuti pa wailesi sizimveka mokoma.

Caka cotsatira, zinatembenuka

Patangopita caka cimodzi, mu Janeiro 2016, namondwe wina anabwera. New York analinso m'mphepete, ulendo uno cakumpoto kwa dera la cipale cambiri. Kutatsala masiku awiri, manambala a mzindawo anali ocepa. Anapitiriza kuwakweza mpaka cipale citayamba kale kugwa. Pomaliza ku Central Park kunagwa masentimita 70. Ciyambire kulemba mu 1869, pamalopo sipanagwepo cipale coculuka cotere pa namondwe mmodzi. Mzinda womwewo, bungwe lomwelo, makina omwewo. Caka cina anapitirira, caka cina anaperewera.

Ngakhale kuyeza cimene cagwa kale si kophweka. Amaika thabwa loyera pansi, n'kumayeza ndi rula maola 6 alionse, kenako n'kusesa thabwalo. Akacedwa, cipale cimatsindirika cokha. Mphepo nayo imacikokolola apa n'kukaciunjika apo. Nambala ya 2016 ija poyamba inalengezedwa kuti ndi masentimita 68. Patapita miyezi itatu, ataunikanso mabuku, anaikonza kukhala 70.

Tsono ikani mtima wanu m'malo mwa munthu wa ku New York amene anapsa mtima mu 2015. Mu 2016 akumva cenjezo lina. Kodi amvera? Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni ya kuphonya. Tsiku limodzi la nchito limabwezeka. Koma munthu akasiya kukhulupirira macenjezo, tsiku limene cenjezo lidzakhale loona lidzam'peza ali pamsewu.

Nambala yaing'ono ikhoza kupha, nambala yolondola ikhoza kulephera kupulumutsa

Pa 28 Janeiro 2014, mumzinda wa Atlanta, kum'mwera kwa America, munagwa cipale cosakwana masentimita 7. Ku Boston ana akanangoseka n'kupita kusukulu. Koma ku Atlanta cipale sicigwa kawirikawiri, ndipo galimoto zocotsa cipale ndi kuthira mcere m'misewu n'zocepa. Cinayamba kugwa masana, anthu ali ku nchito, ana ali m'kalasi. Masukulu, maofesi a boma ndi makampani anatulutsa anthu nthawi imodzi. Galimoto zonse zinakumana pamsewu, cipale cinapondedwa n'kuundana, ndipo msewu unatsekeka. Anthu anagona m'galimoto. Ena anazisiya n'kuyenda pansi kukagona m'masitolo. Ana ambirimbiri anagona kusukulu, ena m'mabasi. Cenjezo linalipo, linatuluka m'bandakuca wa tsiku lomwelo. Koma ocita ziganizo anaona nambala yaing'ono, sanaone ola limene cipaleco cidzagwe.

Ku Buffalo zinali zoopsa kuposa apa. Mzindawu uli m'mphepete mwa nyanja ya Erie, ndipo anthu ake anazolowera cipale. Mphepo yozizira ikadutsa pamwamba pa madzi a nyanjayo, imatenga cinyezi n'kukacikhuthula kumtunda. Mu Dezembro 2022, kutatsala masiku ocepa kuti Khirisimasi ifike, akatswiri anacenjeza momveka bwino kuti kukubwera namondwe woopsa kwambiri. Sanaphonye. Cipale cinapitirira mita imodzi, mphepo inathamanga makilomita opitirira 110 pa ola, ndipo kwa maola ambiri munthu sankatha kuona ngakhale galimoto imene ili patsogolo pake. Anthu opitirira 40 anamwalira m'derali. Ena anawapeza m'galimoto zawo, ena atakwiririka m'cipale panja, ena m'nyumba zimene magetsi anazima. Ena mtima unaima akufosholo cipale.

Lamulo loletsa kuyendetsa galimoto linayamba kugwira nchito m'mawa wa Lacisanu pa 23 Dezembro, anthu ambiri atanyamuka kale kupita ku nchito. Ambiri anadzudzula kuti linacedwa. Ndipo taganizirani, ndani amanyamuka m'mawa wotere? Si munthu wa muofesi amene akhoza kugwira nchito pa kompyuta ali kunyumba. Ndi wogulitsa m'sitolo, wosesa, wosamalira odwala, amene akapanda kupita salipidwa. Ndi mayi amene analibe ndalama yogulira cakudya ca masiku atatu nthawi imodzi. Cenjezo likhoza kukhala lolondola, koma ngati munthu alibe njira yolimvera, silim'thandiza.

N'cifukwa cake ine sindimawaweruza mwaukali atsogoleri a New York a mu 2015. Iwo anayenera kusankha usiku, cipale cisanagwe. Kutseka mzinda pacabe kumatayitsa ndalama zambiri, ndipo amene amamva kuwawa kwambiri ndi osauka omwe aja. Zimenezo n'zoona. Koma kusatseka, cipale n'kudzagwa masentimita 80 anthu ali pamsewu, kumatayitsa miyoyo. Zolakwika ziwirizi si zolemera mofanana. Pomwe ndimawapeza ndi mlandu ndi pa kalankhulidwe. Akanati, “Tikutseka cifukwa cikhoza kugwa cambiri, koma cikhozanso kutilambalala,” anthu akanadzuka m'mawa n'kuthokoza m'malo monyoza.

Masiku ano pabweranso vuto lina. Zithunzi za makompyuta aja aliyense akhoza kuzipeza pa intaneti. Munthu amasankha cithunzi cimodzi coopsa kwambiri pa 51 zija, ca namondwe amene adakali kutali masiku 8 kapena 10, n'kuciponya pa Facebook. Cimafalikira ngati moto wa m'chire. Namondwe akapanda kubwera, anthu amati azanyengo ananama, pomwe azanyengo sananene zimenezo. Akatswiri enieni sakonda kuchula masentimita kudakali masiku ambiri. Amayamba ndi kunena kuti namondwe akhoza kubwera. Manambala amawachula kutatsala masiku awiri kapena atatu, ndipo amawakonzabe mpaka tsiku lomaliza. Kusintha nambala si bodza. Ndi mmene nchitoyi imayendera.

Nkhani ina yodetsa nkhawa ndi ya zibaluni zija. Mu 2025, boma la America linacepetsa anchito m'bungwe lake la zanyengo. Maofesi ena, monga a ku Kotzebue ku Alaska, ku Omaha ndi ku Rapid City, analengeza kuti aimitsa kuulutsa zibaluni cifukwa ca kucepa kwa anthu. Malo amenewa ali kumadzulo ndi pakati pa dzikolo, komwe mphepo imadutsa isanafike kum'mawa. Manambala akacepa kumeneko, kompyuta imayamba masamu ake ili ndi mipata yambiri. Ndipo makompyuta omwewo ndi amene maiko ambiri amagwiritsa nchito, kuphatikizapo athu kuno kum'mwera kwa Africa.

Cipale cimene cili pafupi nafe

Mwina mukuti izi ndi za kutali. Koma cipale cimagwa ngakhale kum'mwera kwa Africa kuno, m'mapiri a Lesotho ndi a Drakensberg ku South Africa. Pa 10 Julho 2023 cinagwa mumzinda wa Johannesburg, koyamba ciyambire 2012, ndipo abale athu ogwira nchito ku Joni anaciona ndi maso. Mu Setembro 2024 cinatseka msewu waukulu wa N3 wocokera ku Durban kupita ku Johannesburg, pa phiri la Van Reenen. Bungwe la zanyengo la dzikolo linali litacenjeza. Koma ndani amaopa cipale mu Setembro, nyengo yozizira itatha kale? Galimoto, mabasi ndi mathiraki zinaima pamzere wa makilomita ambiri usiku wonse. Mayi wina amene anali m'minibasi anamwalira ndi kuzizira. Msewu umenewu ndi womwe amadutsa madalaivala ambiri onyamula katundu wa padoko la Durban, ena mwa iwo n'kudzatulukira ku Cuchamano, kuwoloka Zambezi ku Tete, kupita ku Malawi.

Kwathu kuno nambala imene timamva si ya masentimita a cipale, koma ya mamilimita a mvula. Bungwe lathu la INAM likamacenjeza, nthawi zambiri limati m'maboma akutiakuti mugwa mvula yopitirira mamilimita 50 pa maola 24. Mawu akuti yopitirira ndi ofunika kuwamvetsa. Sakunena kuti igwa 50 n'kuleka. Akunena poyambira. Ikhoza kufika 100 kapena kuposa. Ndipo akachula maboma asanu, mvula yamphamvu ikhoza kugwa m'maboma awiri okha, monga mmene namondwe uja analambalalira New York n'kukagwera Boston. Amene ali m'maboma atatu otsalawo sananamizidwe. Anali m'mphepete.

Mvula ili ndi khalidwe lina limene cipale cilibe. Cipale cimakhala pomwe cagwa, mpaka cidzasungunuke. Mvula imayenda. Mtsinje wa Revúboè umayambira kumapiri a ku Angónia, n'kutsika kudzathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Mvula imene yagwa kumtunda usiku imafika kumunsi ngati madzi osefukira, ngakhale kumunsiko kutagwa yowaza cabe. Mu Janeiro 2022, pa nthawi ya namondwe Ana, mtsinjewu unadzaza mpaka kugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Wokhala m'mbali mwa Revúboè akamamvera wailesi, nambala ya ku Ulónguè ndi ku Tsangano imamukhudza kuposa ya pakhomo pake.